Mowa wa Munthu Wamoyo

Lolemba, 5 Okutobala 1959

Ine Vitalis Mumba wa kwa Ndake, mwini mbumba, mwini njinga yopanda belu, womaliza Standadi 2 osakomoka, mtengatenga pa nkhondo ya Ajelemani, munthu amene anaoloka Luangwa pamsana pa mvuu n'kuithokoza patsidya, lelo ndayamba kulemba. Dziko lidziwe. Likapanda kudziwa, chiswe chidzawelenga.

Chondilembetsa: tulo ta masana tandithawa. Mwana wa Ennie. Ennie ndi mdzukulu wa mlongo wanga Perpetua, ine ndimamuti mkazi wanga wamng'ono, iye amati nkhalamba yopanda mano siikwatila. Wabeleka mnyamata mwezi wathawu. Kulila kwake ngati nyenje, suona poyambila, suona polekela. Kuchipatala ku Petauke anamupima, akuti alibe kanthu. Bele akuyamwa. Bambo wake ali ku Kabwe ku nchito, sakumva chilichonse. Wanzelu.

Kutentha. Mapili a ku Luangwa akuyandama mu utsi wa lupsa ngati sanasankhe pokhala.

Lachitatu, 7 Okutobala

Amai akuluakulu agamula: mwana akulilila dzina. Wina mwa akufa afuna kuvala thupi latsopano. Ayesa la malume athu, walila. La agogo a kuchimuna, walila mpaka kufiila. Ndapeleka langa, akuti yambani mwafa. Ndati ndiganizilepo.

Latsala la Amon, atate ake a Ennie. Mkamwini uja wamanzele, woimba mluzu pa mpata wa mano. Anapita ku migodi kumwela kukafuna za msonkho, Ennie akali kumbuyo. Zaka zii, osatuma ndi mawu omwe. Mkazi wake Sarah, mwana mmodzi yekha wa Perpetua, madzulo alionse kumseu, dzanja pamphumi. Tsiku lina Perpetua anabwela kuchokela ku Boma atafunda nsalu kumutu: wakumana ndi munthu wochoka kumwela, Amon mgodi unamugwela. Tinalila malilo opanda mtembo. Tinameta. Sarah anakwatiwa kwina, pambuyo pake chifuwa chinamutenga. Ennie analeledwa ndi Perpetua.

Ndiye afulula mowa. Pa tsinde la msolo ine mwini mbumba ndidzathila, ndi kuitana Amon pakati pa akufa kuti alowe mwa mwana. Abambo a ku mishoni tidzawauza kuti kunali kuthilila mtengo.

Ennie nkhope yawala. Ali kamtsikana ankaba ufa kukaika pa msolo pomwepo, n'kumauza atate ake amene wamumenya lelo. Wati, "Ambuya, atate andikumbuka."

Perpetua, akusenda nsawa, maso pansi: "Dzina lina palibe?"

Loweluka, 10 Okutobala

Ketulo yadontha. Ndapalasa mpaka ku Nyimba, ati kwabwela wokhoma zidebe pamene amaima mabasi a ku Lusaka.

Dzuwa pamutu, mseu ukuvina. Amai a nthochi agona ndi maso. Pansi pa mtengo wa mango, nkhalamba ya ndevu zoyela, nyundo kumanzele, kho kho kho, ndi kamluzu. Miyendo yanga inaudziwa mluzuwo mutu usanaudziwe. Njinga inaima yokha.

Ndati, moni amalemu.

Nyundo inatsala m'mwamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yake ikusungunuka m'kutentha ndi kubwelela. Kenaka anagwada monga mkamwini, naomba m'manja pang'onopang'ono. "Apongozi, muli ndi fodya?"

Ndamupatsa. Wanunkhiza, wayetsemula. Mzimu suyetsemula, izi ndikuzidziwa, ndacheza nayo yambili.

Basi inafika, anthu ndi zidebe zao. Sitinakambe. Ketulo ndaisiya komweko.

Sondo, 11 Okutobala

Ndawauza tikuchokela ku tchalitchi. Amon ali moyo, ali ku Nyimba, wandimalizila fodya.

Kuseka kwake. Wina wafunsa ngati nayenso anabwela pa mvuu. Wina akuti nanga Mjelemani amene ndinamuphunzitsa kuwamba mbewa sanali naye? Ndalumbila pa manda a amai. Akuti manda amenewo mwawalumbilila kale pa nkhani ya nkhuku yoikila mazila ophika.

Amai athu anabala awili n'kugawa chuma: bodza lonse kwa ine, chilungamo chonse kwa Perpetua. Mudzi wonse ukudziwa. Perpetua akati kuli mvula, anthu amaanula ufa kumwamba kuli mbee. Tsono mawu ake akale ndi anga a lelo, olemela ndi ati.

Ennie sanaseke. Mwana akulila paphewa, iye maso ofiila. "Ambuya, za mvuu timaseka. Za atate musaseweletse."

Mmodzi winanso sanaseke, Perpetua. Kolona m'manja, mikanda siikuyenda.

Lachiwili, 13 Okutobala

Ku Nyimba kachiwili, ati kukatenga ketulo. Tinakhala pamthunzi, Amon akusungunula mtovu, ine kumvela. Amakamba ngati munthu wosimba maloto a mnzake.

Anachedwa kumwela, wavomela. Mowa, manyazi obwela chimanjamanja, chaka kubala chinzake. Koma anabwela. Ndi bulangeti, ndi kadilesi ka mwana. Pa mtsinje wa kumunsi kwa mudzi anapeza apongozi ake akutunga. Perpetua anamufulatila, mwambo wake, mpongozi sayang'ana mkamwini kumaso. Analankhula ndi madzi. Kuno munafa. Tinakumetelani. Sarah ali pa banja, ali ndi pakati. Mukalowa m'mudzi mupha awili.

Anabwelela pomwepo. Kadilesi anakasiya pa mwala.

Kuyambila apo, zidebe. Sinoia, Lusaka, Kacholola, chaka chilichonse kusendela pang'ono chakuno, ngati nkhuku yopilikitsidwa. Za imfa ya Sarah anamva kwa woyendetsa lole. Za Ennie amafunsa amai a nthochi mozungulila. "Akufa saloledwa kufunsa molunjika, apongozi."

Ndamuuza za mowa. Waseka, kenaka waleka. "Akandiitana kumeneko ndipita. Ndatopa kukhala pakati."

Pobwelela ndinagona pansi pa mkuyu, dzuwa likali. Ndalota mtsinje ukuyenda chokwela phili, kadilesi koyela kakuyandama pamwamba, m'kati mulibe mwana, koma manja ake akukupiza. Podzuka, mbuzi ikudya chipewa changa. Ketulo ndaiiwalanso.

Lachisanu, 16 Okutobala

Chimela chauma, asinja. Fungo mudzi wonse.

Ndamupeza Perpetua kudimba. Ndati, mlongo wanga, ine mabodza anga ndimawaweta ngati nkhunda, amauluka m'mawa, madzulo abwelela, sanaphe munthu. Iwe unaweta limodzi lokha, koma lakula ngati ng'ona.

Sanakane. Anapitiliza kuthilila mpilu. "Sarah anali kutha ngati sopo m'madzi. Iwe unali kuti? Unali kuseketsa anthu pa mowa."

Zoona. Ndinali komweko.

Akuti atanena bodza lija Sarah anadya, ananenepa, anaseka. Amon atatulukila pa mtsinje, bodza linali litabala kale banja ndi mimba. Ulibweza bwanji. Kadilesi anakatola, nati wagula ku Boma. Ennie anavala mpaka kanang'ambika.

Ndati, nanga mowa? Kuitana wamoyo pakati pa akufa n'kumukumbila manda. Wati, "Ennie ndi yekha amene ndatsala naye. Thila, Vitalis. Ndi mowa chabe."

Madzi a m'chitsime anali bata, nkhope zathu ziwili m'menemo, zokalamba, zofanana. Chule analumphila, tonse tinasweka.

Lolemba, 19 Okutobala

Mwana akulila. Mowa ukuwila. Anyamata pa sitolo akukangana za Chitaganya, maiko atatu pa chingwe chimodzi ngati mbuzi za pa malonda. Andifunsa maganizo, ndati ine changa chitaganya chili kunyumba: amoyo, akufa, ndi mmodzi wosadziwika mbali.

Ennie wasoka kamalaya ka mwambo. Akuyeseza kale, chapansipansi, Amon, Amon. Ndikamva ndimayang'ana kwina.

Nthabwala lelo zakana kutuluka. Ndayesa imodzi pa galu, wachoka.

Lachinayi, 22 Okutobala

Zachitika. Ndilembe dzanja lisanaiwale.

M'mawa, mbumba yonse pa msolo. Mitambo yoyamba ya chaka, yoyela, yaulesi. Ennie wagwada ndi mwana. Andipatsa chikho. Ndachigwila, mowa ukununkhila bwino, mtima wanga wa uchidakwa ukulila.

Ndati, abale, ine ndine wabodza, mwanena nokha. Mizimu nayonso ikundidziwa, ndikaitana siibwela. Aitane amene sananamepo. Amene anatibweletsela uthenga wa imfa ndiye adziwa njila ya kumene ali Amon.

Ndapeleka chikho kwa Perpetua. Anthu ang'ung'udza, koma avomela, pakuti ndani angakane Perpetua.

Wachilandila ndi manja awili. Wagwada. Waitana amai athu, bwinobwino. Malume athu. Sarah. Kenaka pakamwa patseguka, dzina silikutuluka. Mowa ukudonthela pa nsalu yake, osati pansi. Nyenje zonse zinakhala chete, kapena makutu anga ndiwo anatseka.

Wachiika pansi mosamala, osataya. "Sindingamuitane. Ali moyo. Ndinamubweza ndine pa mtsinje."

Kunama anatha. Kupha sanathe. Mlongo wanga.

Palibe anakuwa. Ennie anaimilila, namanga mwana kumbuyo, mfundo ziwili. Funso limodzi lokha: "Kadilesi koyela kaja?" Perpetua anavomela ndi mutu. Ennie anayang'ana tsinde la msolo, pamene anathila ufa ubwana wake wonse, kuuza mtengo zinsinsi zake pamene atate ake akukhoma zidebe kutsidya kwa mapili.

Madzulo wasamutsa mphasa ndi mapoto, wapita kwa apongozi ake kumapeto kwa mudzi.

Mowa anamwa anthu. Unali wabwino. Ine sindinalawe, lembani zimenezo pa manda anga.

Lachitatu, 28 Okutobala

Masiku onsewa Ennie osatuluka. Mailo, Lachiwili m'mawa, ndinamupeza pakhomo panga, mwana kumbuyo. "Pompani njinga, ambuya."

Ndinamukweza. Nkhalamba, mai ndi khanda pa njinga imodzi, mseu ukuyandama, mapili akutipelekeza. Njila yonse mwana yekha ndiye belu.

Pansi pa mango anaimilila patali. Amon anaika nyundo pansi, napukuta manja pa kabudula, napukutanso. Onse awili mpata wa mano womwewo. Amai a nthochi anaona okha, mmodzi anayamba kulila asanauzidwe kanthu.

Ennie sanathamange. Anagwada, napeleka moni wa mlendo. Kenaka anamasula mwana. "Ndinkakuuzani zonse pa msolo. Simunamve ndi chimodzi chomwe." Amon: "Yambilanso, amai. Nchito ndatseka."

Anakamba mpaka mthunzi unatembenuka. Ine ndinagona pa thumba la chimanga cha eni ake.

Za dzina, Amon wakana lake. Akuti linagona kale m'manda, lazizila. Wamutcha Eustace, dzina la mnzake amene ankamugawila chakudya kumwela. Mwana akulilabe, koma pang'ono, ngati munthu amene mlandu wake wamveka.

Pofika m'mudzi dzuwa lafiila. Perpetua pakhonde, wayala mphasa, waphika dzungu. Ennie anatsika pa njinga, naima, naima. Kenaka anapita, nakhala pamphasapo, naika mwana pa miyendo ya ambuya ake. "Dzina lake Eustace. Mugwileni, msana wandipweteka." Perpetua anamufungatila, misozi ikugwela pa kamutu. Anadya dzungu m'mbale imodzi. Mvula yoyamba inayamba kuwaza, fungo la dothi, ana akuvina pabwalo, ndipo mwana anagona.

Lolemba, 2 Novembala

Mvula siinagwe. Kumwamba kuli gwa.

Za pa msolo n'zoona. Za ku Nyimba n'zoona, ketulo ndi mboni, yabwela, siikudontha. Ennie wapitakonso kawili yekha, akuti atate ake adzalima nao chaka chino.

Za pakhonde ndapeka.

Mphasa inayalidwa, dzungu linaphikidwa, izo zokha. Ennie anatsika pa njinga, nadutsa ngati pakhondepo pali mtondo. Moni ayi. Dzina la mwana Perpetua analimva kwa ana a pa chitsime. Madzulo alionse akuyala mphasa yomweyo, dzanja pamphumi, kuyang'ana kumapeto kwa mudzi. Kaimidwe ka Sarah kenikeni.

Lelo Perpetua wandipeza ndikulemba. Sadziwa kuwelenga. Wafunsa kuti ndikunama zotani m'menemo. Ndamuwelengela za Lachitatu, kuyambila pa dzuwa lofiila mpaka pamene mwana anagona.

Watseka maso, manja pa miyendo ngati pali kanthu.

"Wabodza iwe," wati. "Dzungu ndinadya ndekha."

Ndati, inde.

"Welenganso. Pamene akuti mugwileni."