Mphatso Pamwamba pa Phiri la M'chipululu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Kuno ku Leicester tilipo. Kumudzi nako akuti kuli bwino. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene Yohane, wachira mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Chimanga cha m'munda mwanu chachita bwino, koma mtedza unapsa ndi ng'amba. Ine ndikadali ku wodi ya okalamba, bondo lija likundivutabe kukazizira. Koma chomwe ndakhalira pansi ndi nkhani ya mdzukulu wanu Mphatso.

Chibwerereni kumaliro anu, mwanayu wayamba kukwera mapiri. Anayambira ku Bradgate, timiyala tomwe ngakhale ine ndimakwera chikwama chili m'manja. Kenaka ku Derbyshire Loweruka lililonse, n'kumabwera mawondo atanyuka. Mwezi watha ananyamuka ndi mnzake Priya kupita ku Morocco, kumapiri a m'chipululu. Asananyamuke anandionetsa zithunzi za malowo: thanthwe lofiira lokhalokha, kopanda mtengo, kopanda mtsinje, malo ena okwera chokwawa. Ndinakumbuka momwe munkandikuwira ndikakwera mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba: "Tsika iwe! Ukathyoka khosi ndikamugula kuti wina?" Ndinamuuza mawu omwewo. Anangoseka n'kundipsompsona pamphumi.

Tsiku lina masana ndikugawa mankhwala, foni inalira m'thumba. Nditaona dzina lake ndinathamangira m'kachipinda kosungira mabulangete. Mukudziwa kuti Mphatso amamva Chichewa koma amayankha Chingerezi. Inu nomwe munkadandaula kuti kucheza naye kuli ngati kumvera wailesi yakunja. Tsiku limenelo anayamba ndi Chichewa.

"Amama, ndikuopa."

Ndinangokhala pansi pomwepo.

Anandiuza kuti pamwamba penipeni anafika bwino, koma potsika anasochera. Priya anaterereka n'kuthyoka pabondo, ndipo onse awiri anali atakakamira pakamalo kopanikiza, m'munsi mwake muli phompho. Madzi anali atatsala pang'ono. Anali ataimbira kale anthu a komwe ankagona, iwo n'kumuuza kuti akubwera, koma ulendo wake ndi wautali. Iye amafuna kutsika yekha kuti akawachingamire.

"Usayerekeze," ndinatero. "Ukagwa uli wekha akupeza ndani? Tenga ndodo yoyenderayo, umange mwendo wa mnzako ndi mpango kuti usagwedezeke. Khalani pamthunzi wa thanthwe. Madziwo muzingonyowetsa kukamwa."

Mawu anga ankatuluka ngati a nesi wodziwa ntchito, koma yunifolomu inali itanyoweratu ndi thukuta. Ndinkamva mphepo ikuwomba m'foni, ndi kulira kwa Priya chapatali.

"Amama, batire ikutha," anatero, foni n'kuduka.

Ndinaimba, ndinaimbanso, osalowa. Mkulu wathu wa pawodi, mayi wa ku Zambia, atandiona anandilanda makiyi a mankhwala n'kundiuza kuti ndizipita kunyumba. M'basi ya ku Beaumont Leys anthu anali ndi majumbo awo a kushopu, ena akuseka, ine ndikungoona mwana wanga akugubuduzika pamiyala. Munkandiuza kuti nesi salira pamaso pa anthu. Amayi, ndinalira m'basi monsemo. Nditafika ndinalowa m'chipinda chake, ndinagwada pafupi ndi bedi, pemphero osabwera. Ndinkangotchula dzina lanu.

Dzuwa likulowa, uthenga unabwera pa nambala yachilendo. Anali atawapeza. Amuna a m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri anamutsitsa Priya atamunyamula, kenaka n'kumukweza pabulu. Mphatso anatsika ndi miyendo yake.

Panopa ali kunyumba. Milomo inang'ambika, zikhatho zinasupuka, ndipo chitseko chikamenyeka amadzidzimuka. Priya anamuika chikhakha, akuyendera ndodo. Ine ndimaganiza kuti basi zatha. Dzulo ndinamupeza mwanayu kukhitchini akutsuka nsapato zake zokwerera mapiri, mchenga wofiira uli mbwee m'sinki. Akuti chaka chamawa abwererako, ulendo uno ndi munthu wodziwa njira.

"Ndikapanda kubwererako, mantha amenewa ndikhala nawo moyo wanga wonse," anatero.

Atakwera kuchipinda ndinazitola nsapatozo. Bini inali pomwepo, ndipo lero ndi tsiku lomwe amadzatenga zinyalala. Ndinaima nazo nthawi yaitali, madzi akudontha pamapazi anga. Kenaka ndinaziika pafupi ndi hita kuti ziume. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Ndikuopa, Amayi, ndipo mwana ameneyu ndi wamkulu tsopano, sindingamumange.

Ndimakukondani kwambiri. Ndikulonjeza kuti asanapitenso kulikonse, ndibwera naye kumudzi mvula isanayambe, tidzalambule pamanda panu tonse awiri. Ndidzamusiya pamenepo kanthawi, mudzalankhule naye nokha.

Ndine mwana wanu,
Eneless