Besi Yako Tinaiika mu Jeke ya Fodya

Nsaru,
Lilongwe.
19 Meyi 1999

Wokondedwa mlongo wanga Hopeson,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Nchaloko, pamodzi ndi mlamu wanga Jenifer ndi khanda lija. Kodi malungo aja anakusiya? Ife kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, koma kudimba sasiya. Fodya tamaliza kusankha, pano tikudinda mabelo.

Zabwino zathera pomwepa. Khala pansi, chifukwa zotsatirazi ndi za gitala yako ija ya besi.

Pochoka unaisiya m'manja mwanga, nkunena kuti amuna anga, alamu ako a Alufeyo, aziyimbira kwaya ya kutchalitchi basi, osati kumadansi. Lamulolo sanaliphwanyepo. Koma mwezi wa Marichi nsambo yaikulu ija inaduka akuyeserera nyimbo za Pasaka. Anakwera minibasi kupita m'tauni, nkubwerako ndi nsambo zinayi zatsopano, zonenepa kuposa zako zija. Akuti wogulitsa anawauza kuti zonenepa zimalira mozama komanso siziduka msanga. Zina sanawauze, iwonso sanafunse.

Vuto linayambira pa kafupa koyera ka kumutu kwa besi kaja, kokhala ndi timipata todutsamo nsambo. Zatsopanozo sizinkalowa. Anabwereka tupa kwa wokonza njinga, nkukhala pakhonde tsiku lonse akupala pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Zinalowa. Atachuna nkulumikiza ku ampu yokuzira mawu ndi batire, inalira bwino ndithu, mpaka mbale zanga zinkanjenjemera pathandala.

Sabata isanathe, khosi la besi linayamba kupindika ngati uta. Nsambo zinakwera kutali ndi thabwa, moti chala changa chinkalowa pansi pake. Kuti azidinikize, zala zinachita matuza. Anatsitsa timasikuluwu ta pachitsulo cha kumunsi mpaka pothera, koma ayi ndithu. Akachuna pamwamba, pansi ikunama. A kwaya anayamba kumacheuka nyimbo ili mkati, ndipo mayi wina anafunsa ngati besi nayonso imagwidwa chimfine.

M'nyumba munalibenso mtendere. Fodya ali phee m'chigafa kudikira manja, munthu ali ndi besi pamiyendo, watsinzina diso limodzi, akuyang'ana khosi ngati kuliyang'anako liwongoka. Ukawayankhula, sakumva. Ine zinandikwana, mlongo wanga.

Lachisanu lina titamaliza kudinda belo, besi yako inalowa mu jeke yodindira mabeloyo kuti khosi liwongoke. Nsambo zinamasulidwa, khosi linakulungidwa ndi chiguduli, thabwa pansi, thabwa pamwamba. Chitsulo cha jeke chinapotokoledwa kamodzi, kawiri. Kachitatu tinangomva kuti thyoo! Khosi lang'ambika pafupi ndi mutu, mng'alu wake kutalika ngati chikhatho changa.

Chondipsetsa mtima kwambiri nachi. Lamlungu lotsatira kunabwera a Yonasi, oyimba besi ku Namitete. Atamva zomwe zinachitika anagwira pakamwa. Kenaka anamasula kapulasitiki kakuda ka kumutu, nkutionetsa kuti m'kati mwa khosi muli chitsulo chachitali. Anati nsambo zonenepa zimakoka mwamphamvu, choncho umangomangitsa chitsulocho pang'ono ndi kasipanala kopindika, nkudikira tsiku, kenaka nkukonza za kumunsi zija. Anati ntchito yake sitenga nthawi yowiritsira madzi a tiyi. Atapisa dzanja m'kathumba ka chikwama cha besi, anatulutsamo kasipanalako. Miyezi yonseyi kanali momwemo!

Iwenso Hopeson, unali wotani? Unatiuza za madansi, unatiuza za chiswe, unatiuza kuti ana asaikhudze. Ka chitsulo kokha kamene kakanatipulumutsa nkomwe sunatchule. Pakamwa panatupa?

Tsono nkhani yafika poipa. Atsibweni a Chikoti anaitana anthu pakhomo pa amayi, nkunena kuti mkamwini wathyola katundu wa mwini mbumba. Anati lero ndi gitala, mawa adzakhala munda. Anafunsa kuti nzeru yopusa chotero inachokera kwa yani, alamu ako nkuyankha kuti inachokera kwa iwo eni. Kuyambira tsikulo amayi sawayankha moni. Munthu wakhala pamudzi pano zaka khumi ndi chimodzi, ndiye anafolera nyumba ya amayi, ndiye anakumba chitsime tikumwachi, lero akuyenda chozemba ngati wakuba. Andiuza kuti fodya akangopita ku okushoni, iwo abwerera kwawo ku Mpingu, poti sangathe kudzakuyang'ana kumaso. Dzulo ndawapeza akupukuta fumbi pasutikesi yomwe anabwera nayo chaka chaukwati wathu. Mwana wathu Pamela anawafunsa kuti akupita kuti, iwo nkungopitiriza kupukuta.

Tsopano imva zimene sindinauzepo munthu. Wa nzeru ya jeke ndine. Alamu ako anakana kawiri konse, ankati tidikire tifunse odziwa. Ine ndinawauza kuti jeke imaphwatalitsa fodya wodzaza ngolo, ndiye kathabwa kamodzi kangailake bwanji? Ndinawafunsanso kuti ndi mwamuna wanji woopa thabwa. Iwo anapotokola kawiri kaja nkusiya, nkunena kuti pakwana. Kachitatu linali dzanja langa. Kuchigafako tinali awiriwiri, palibe anaona.

Pamene atsibweni ankafunsa, ine ndinali pomwepo, nditakhala pamphasa pafupi ndi amayi. Ndinangoti zii. Masabata atatu atha, ndipo alamu akowa sanandinenepo ngakhale liwu limodzi. Bola akanandikalipira. Ndikuchita manyazi, ndipo ndadzikwiyira kuposa mmene ndinakwiyira besiyo.

Lamlungu likubwerali ndiwauza ndekha amayi ndi atsibweni. Koma atsibweni ukuwadziwa. Adzangoti mkazi akuikira kumbuyo mwamuna wake, nkhani nkuthera pomwepo. Besi ndi yako, mbumba ndi yako. Mawu amene angamveke pamudzi pano ndi ako okha.

A Yonasi atenga besiyo. Akuti ayesa kumata mng'aluwo ndi guluu wa akalipentala, nkubwezera nsambo zopyapyala, koma sakulonjeza kuti idzalira ngati kale. Sindikubisira, mwina yapita basi. Ndikudziwa mmene unaivutikira. Ine unditukwane mmene ungathere, masamba anayi kaya asanu, ndiwerenga onse ndipo sindiyankha. Koma lole yodzatenga mabelo athu ikubwera pa 10 Juni. Chonde, yankho lako lifike tsikulo lisanakwane, uwauze alamu ako kuti akhale.

Undiperekere moni kwa Jenifer, umuuze kuti mtedza wake ndamusungira. Khandalo ulipsompsone m'malo mwanga. Amayi akupereka moni, Pamela nayenso. Mulungu akusungeni nonse kumeneko, akupatsenso mtima wofewa powerenga kalatayi.

Ndine mlongo wako,
Faness

Ndinaiwala. Makalata athu onse amafikira m'manja mwa atsibweni, ndipo amayamba awerenga kunja kwa envulopu asanapereke. Usalembepo dzina langa. Ulembe la alamu ako, ndi zilembo zikuluzikulu kuti atsibweni aone: Bambo Alufeyo Rabson.