Nyimbo Yoimba Pamasitepe

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Hamilton ndili bwino, chifuwa chija chinatha.

Kumene ndimasamalira okalamba kuli agogo ena a ku France amene moyo wawo wonse ankalemba mawu a nyimbo za m'zisudzo. Lachiwiri ndinawaonetsa nyimbo yanga. Chichewa sachimva, koma anati ndiiyimbe ndikukwera masitepe. Mpweya unandithera pamzere wachitatu.

"Nanga woimba apumira pati?" anandifunsa. "Ine nyimbo imodzi ndinkailemba kakhumi."

Ndailembanso kanayi, ndipo dzulo ndinafika nayo pamwamba. Munati ndisiye zoimbaimbazi, koma pepani achimwene, sindisiya. Chonde munditumizire kope langa la nyimbo limene munandibisira lija.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Tiyamike