Ufa wanu uja anamwera tiyi

Bambo a mwana,

Mukapeza pakhomo pali zii musadabwe, ndapita ndi apongozi kogulitsira mankhwala. Sanadwale ayi, mtima ukhale m'malo.

Nkhani ndi ufa wanu wa ma amino asidi uja, umene mumasungunula m'madzi musanapite kothamanga kuti musatope msanga. Botolo lake litang'aluka ndinaukhuthulira m'chitini chakale cha shuga, n'kuiwala kulembapo. Pepani, mlanduwu ndi wanga. Ndiye bambo anu chibwerereni akhala akuthira ufawo mu tiyi, uku akudandaula chamumtima kuti shuga wa masiku ano ngowawa. Kundiuza ayi, ati amaopa kundichititsa manyazi.

Ndazindikira m'mawa uno nditawapeza akutapa m'chitinimo. Nthawi imeneyo n'kuti atasesa kale bwalo, atapopa njinga, atakonzanso chitseko cha kubafa chimene inu mumangoti mawa, mawa. Munthu uja ankapumira panjira pochokera pageti!

Ndanyamula chitinicho kuti ndikafunse ngati ufawu sulimbana ndi mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi. Ndikafunsanso kuti umatani ukalowa m'thupi, chifukwa ine mutu waima. Kodi ndi ufawu, kapena n'kukondwa chabe poti akusewera ndi mdzukulu?

Mwana mukamutenge kusukulu. Makwerero mubise, chifukwa agogo ake ayamba kuyang'anitsitsa denga.

Koma funso limodzi muyankha ndinu ndikabwera. Ufawu mwamwa chaka chathunthu. Nanga mphamvu zanu zimathera kuti?

Ine mayi a mwana