Sokosi Yopanda Chidendene

Jenala,
Phalombe.
24 Juni, 1998.

Okondedwa achemwali a Violet,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti chiperoni chatikhalira pakhomo, phiri sitikuliona n'komwe. Nandolo akulonjeza. Koma nkhani yanga si ya nandolo, ndi ya abambo.

Mukukumbuka kuti amayi potisiya mu Febuluwale, m'kadengu kawo munatsala masokosi amene ankalukira abambo, ina yotha, inayo ili pakati, masipoko anayi a njinga ali chibayire. Paja amayi sankagulitsa. Ankangomasula majuzi a kaunjika n'kumaluka posangalatsa manja, mpaka theka la mpingo wathu limapemphera litavala ntchito yawo.

Inu mutangobwerera, atsibweni a Sitima anabwera ndi nkhani ya kusudzula. Mwambo mukuudziwa: mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Koma kwawo kwa abambo n'kuti, achemwali? Ku Milanje, kutsidya kwa malire, anachokako ali mnyamata, abale awo nkhondo inawamwaza. Mango onse pakhomo pano anabzala ndi iwowo. Pamene ana a amayi aang'ono ayamba kale kuuyeza ndi maso munda wa kudambo uja. Ine zimandiwawa, sindibisa.

Abambo sanatsutse. Anangotenga kadengu kaja n'kunena kuti, "Alamu, ndiloleni nditsirize sokosi ya mlongo wanu. Ndikatero mundisudzule."

Atsibweni anati, "Tsirizani, alamu. Ntchito ya malemu sitiisiya panjira."

Chiyambire tsiku limenelo abambo amakhala pakhonde, magalasi pamphuno, kuluka. Koma chidendene sapinda ayi, sokosi ikungopita chowongoka. Inadutsa bondo, inadutsa ntchafu, pano akaimirira imawafika pachifuwa. Ulusi wofiirira utatha analumikiza wobiriwira, kenako wachikasu. Anzawo a pabawo amafunsa ngati akulukira nsato. Mayi wina pamjigo anandifunsa ngati abambo mutu ukuyenda bwino, ndipo ndinamuyankha mawu oti sindingalembe m'kalata.

Manyazi atandikwana ndinapita kwa a Belita, mnzawo wa amayi wa ku Mvano uja, kukawapempha kuti adzaphunzitse abambo kupinda chidendene. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Eneless, chidendene cha sokosi yoyamba ija anapinda ndani? Mayi ako zala zinali zitatupa kale. Ankapinda ndi bambo akowo, iwo akungowauza ali chigonere. Masokosi onse a chaka chatha, zidendene n'zawo."

Ndinalira njira yonse yobwerera. Taonani ine, pofuna kuwachotsera manyazi ndikanawapitikitsa ndekha abambo anga.

Tsopano vuto ndi ili, ulusi ukutha. Majuzi onse amene amayi anasunga tamasula, mpukutu watsala ngati dzira la nkhuku. Ana a amayi aang'ono akuti ulusi ukatha ndiye kuti ntchito yatha, kaya chidendene chilipo kaya palibe. Abambo ayamba kuluka mzere umodzi m'mawa, wina madzulo, basi.

Lamulungu atsibweni anabwera nawo anawo kudzaona ntchito. Anatenga sokosi ija n'kuiyeza pamwendo pawo, yotsala ikukwekwereka pansi, nkhope yosaseka.

"Alamu, ikanali yaifupi iyi. Mphepo ya chaka chino si yamasewera."

"Inenso ndaona choncho, alamu," anatero abambo.

Anawo anachoka akung'ung'udza. Ine ndikuwaperekeza atsibweni, iwo anaimitsa njinga patsinde pa mango, n'kutsitsa mawu.

"Mwambo sindingauphe ine, mwanawe, ndipo mawu ndinapereka pagulu. Koma munthu uja anandibereka kumsana nthawi ya madzi a Napolo. Ine ndikagula juzi pa Boma, mawa mudzi wonse wadziwa. Mkulu wako paja ali kutali, eti?"

Ndiye pempho langa mwalimva kale. Titumizireni juzi ya kaunjika, yaikulu, ya munthu wonenepa, mtundu uliwonse. Muipatsire munthu wosalongolola, ndipo anene kuti ndi yanga ya mphepo. Dzulo ndawapeza abambo akupukuta sutikesi yawo yachitsulo ija, atandiona anaikankhira kunsi kwa bedi ndi phazi.

Moni kwa alamu, kwa Phillip ndi kwa Sellina. Abambo ndawauza kuti ndikukulemberani. Akuti muwauze adzukulu awowo kuti mango ayamba maluwa, abwere pa Khirisimasi, agogo adzawathyolera okha. Anena zimenezi maso ali pa kampukutu kaja.

Chonde achemwali, fulumirani.

Ndine mng'ono wanu,
Eneless.