Mudzi wa Eni pa Thabwa Langa

Lolemba, 5 Sepitembala 1938

Alamu anga a Matiyasi abwera m'mawa ndisanasukusule. Akuti mbumba yagwirizana kuti Loweruka pa 17 andisudzule, poti mkazi wanga Rabecca wagona kumanda miyezi 6 tsopano, ndipo mkamwini wopanda mkazi alibe chomusunga pamudzi pa eni. Ananena mwaulemu ndithu. Koma maso awo anali pa chitseko changa chathabwa.

Masiku otsala: 12. Amene ndakhala pano: zaka 21 ndi miyezi 7. Mango amene ndinabzala ndi manja anga: 14.

Akuti ndibwerere kwathu. Kwathu kuja kufupi ndi Mwami anthu anasamutsidwa zaka 8 zapitazo, pamene panali nyumba ya amayi pali fodya wa mzungu. Mudzi watsopanowo ndinaupondako kawiri, agalu anandiuwa kawiri konse.

Ndaganiza zojambula mudzi uno pa thabwa, ndipite nawo. Thabwalo ndi la bokosi la tiyi. Penti ndi amene anatsala pamene ndinkapaka zitseko za sitolo ya Mmwenye ku Fort Jameson: wobiriwira theka la chitini, wofiira wa madenga pang'ono. Woyera ndi laimu, wakuda ndi mwaye. Bulashi yaing'ono ndapanga ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi ya a Matiyasi. Eni ake sakudziwa.

Lachiwiri, 6 Sepitembala

Ndakhala pa chulu cha kuseri kwa khola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Pamenepo mudzi wonse umaoneka, mpaka kudambo ndi phiri lija la kuseri. Nyumba 23, nkhokwe 31, njira 3.

Vuto ndi limodzi. Dziko lauma, tchire linapsa ndi lupsa, koma ine penti wochuluka ndi wobiriwira. Basi ndajambula mudzi wa mu Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye. Ndiwo mwezi umene ndinafika pano ndi khasu paphewa kudzayesedwa ntchito ndisanapatsidwe mkazi.

Lachinayi, 8 Sepitembala

Mbiri yamveka. Anthu ayamba kubwera.

Anna, akazi a Matiyasi, akuti nkhokwe yawo ndaichepetsa, anthu a ku Mwami akadzaona adzati iwo ndi aulesi. Ndinawauza kuti ndinaiyeza, ndi mapazi 4 m'mimba mwake. Anati mapazi anga ndi aakulu mopitirira. Ndaikuza.

A Boaz, mkulu wa mpingo, anayamba ndi kufunsa ngati chinthuchi si fano. Ataona kuti tchalitchi ndachiika pakati penipeni anati ayi si fano, kungoti denga lake litalike kuposa mkuyu. Ndalitalikitsa. Mkuyu sunadandaule.

A Matiyasi (ndiziwalemba M., inki ikutha) akuti poti penti wofiira alipo, nyumba yawo ikhale yamalata. Nyumbayo ndi yaudzu, yopendamira kumadzulo, imaima chifukwa cha mphanda ziwiri. Ndaiwongola, ndaipaka malata. Ng'ombe zawo m'khola ndi 2, pathabwa zakhala 5.

Zaka zonsezi palibe anabwerapo pakhonde panga kudzandipempha kanthu kupatula nkhwangwa. Lero anthu 11.

Lachisanu, 9 Sepitembala

Mango onse 14 alowa. Palibe amene wapempha kuti ndiwakuze.

Loweruka, 10 Sepitembala

M. abwera ndi a Boaz, nkhope zamlandu. Akuti amva kuti chithunzichi ndifuna kupita nacho. Ndinati inde, ndicho ndachijambulira. M. anati mkamwini amachoka ndi khasu lake, nkhwangwa yake ndi mphasa yake, sanamvepo wochoka ndi mudzi. Nyumba zili pamenepozo ndi za eni, nkhokwe za eni, ng'ombe 5 zija ndi zawo.

Ndinafunsa mwapang'onopang'ono ngati ng'ombe zitatu zapaderazo sizingakhale zanga, poti ndinazibala ndine. Sanaseke.

A Boaz anaweruza motere: thabwa ndi langa, penti ndi wa Mmwenye, koma zooneka pathabwapo ndi za mbumba. Za m'mene tingazilekanitsire akuti apempherere kaye, adzanena pa 17.

Otsala: 7.

Lamulungu, 11 Sepitembala

Sindinagwire bulashi. A Boaz alalikira kuti tonse ndife alendo pansi pano, maso ali pa ine. Koma womanga katundu ndine ndekha.

Lolemba, 12 Sepitembala

Chakumasana Lettie, mwana wanga woyamba, anathamanga kuchokera kunyumba kwake, mwana kumsana, kudzati agogo ake akubwera kudzaona thabwa. Apongozi anga enieni, amake a Rabecca ndi M. Ndinasiya bulashi m'chitini n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse.

Ndilembe pano kuti nkhope ya apongozi sindinaionepo. Tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire, iwo amatembenukira kumbali. Anzanga anathetsa manyazi amenewa mwana woyamba atabadwa, popereka nkhuku. Yanga ndinagula, Lettie ali ndi miyezi 2, koma vumbwe anaigwira tsiku lisanafike, ndipo palibe anayambitsanso nkhaniyo. Ine ndinkadikira iwo, kaya iwo ankadikira ine. Chotero ndimadziwa mawu awo, zidendene zawo ndi msana wawo. Pathabwa ndinawaika akupita kudambo, mtsuko pamutu, atafulatira.

Apongozi anayang'ana thabwa nthawi yaitali. Ndinamva akufunsa Lettie kuti mayi wofulatirayu ndani. Lettie anati ndinu agogo.

"Mudzi wonse uli ndi nkhope, ngakhale galu wa Matiyasi ali ndi maso awiri. Ine ndiye msana? Kawauze atate ako."

Lettie anayenda mapazi 6 kudzandiuza zimene ndinamva kale. Ndinati akawauze kuti munthu amajambula chimene anaona. Anabwerera mapazi 6 omwewo. Apongozi anati nanga malata a Matiyasi ndinawaona kuti? Anachoka atalamula kuti mayiyo atembenuke.

Lachitatu, 14 Sepitembala

Dzulo ndi lero ndalimbana ndi nkhope. Lettie akuti agogo ndi a nkhope yaitali, maso aang'ono, mphuno "yabwinobwino". Mphuno yabwinobwino imajambulidwa bwanji?

Ndinafafaniza msana ndi laimu, ndinasakaniza wofiira ndi mwaye, ndinayesa katatu. Kachitatu dzanja linangoyenda lokha. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, anali Rabecca. Mtsuko pamutu, khosi litapendekeka pang'ono monga ankachitira akamafuna kundiseka. Akuchokera kudambo, njira yolunjika pakhomo pathu.

Sindinafafanize. Ndinatsuka bulashi n'kukakhala pansi pa mango wachitatu mpaka mbuzi kulowa m'khola.

Lachinayi, 15 Sepitembala

Apongozi anabweranso, ine kuseri kwa nkhokwe. Lero sanatume mawu. Ndinangomva kupuma kwawo, kenaka ndodo ikugogoda pansi, kunka kutali. Lettie akuti atafika kwawo anangokhala pamtondo wogwetsa mpaka madzulo.

M. ayamba kale kusamutsira mbuzi zawo m'khola langa. Akuti zizolowere.

Lachisanu, 16 Sepitembala

Ndamanga. Khasu 1, nkhwangwa 1, mphasa 1, malaya 2, buku lino. Mtolo wonse ndanyamula ndi dzanja limodzi kuyesa kulemera kwake. Si wolemera.

Loweruka, 17 Sepitembala

Anthu anasonkhana pabwalo langa dzuwa litakwera pang'ono. Thobwa mitsuko 3. Thabwa analitsamiritsa pakhoma kuti a Boaz agamule. M. anaimirira n'kuyamba kundiyamika: wofatsa, wosamwa, wosatukwana, wolima. Sindinadziwe kuti ndinali wabwino chotere. Munthu amamva zimenezi pamaliro pake pokha.

Ali pakati pa mawu, anthu anayamba kupatuka. Apongozi, ndodo kudzanja lino, kampando kudzanja linalo. Ndinadzuka kuti ndithawire kunkhokwe, koma kumbuyo kwanga kunadzaza azimayi. Ndinangogwada, maso pansi. Ndinaona zidendene zija zikufika, kampando kakuikidwa patsogolo panga penipeni.

"Atate ake a Lettie, dzutsani mutu."

Sindinadzutse.

"Uyo mwaika panjirayo ndi mwana wanga, msiyeni pomwepo. Ine mundiike pambali pake. Koma mundione kaye, ndatopa nazo zojambulidwa mongomva."

M. anati amayi, lero ndi tsiku lomasula alamu, zojambula zatha. Apongozi anafunsa ngati M. anaonapo munthu akuchotsa mmisiri denga lisanathe. M. anati nanga zitenga masiku angati. Iwo anati msana wawo sulola kukhala pampando nthawi yaitali, mwina pang'ono m'mawa, osati tsiku lililonse. Ndiponso mango aja pathabwapo alibe zipatso, ndipo safuna zam'mutu ngati ng'ombe zina, wojambula adikire aone ndi maso zikapsa. Anna anaseka kaye n'kudzigwira pakamwa.

M. anayang'ana a Boaz. A Boaz anali kuyang'ana m'chipanda cha thobwa.

"Latha kapena silinathe thabwali, ndidzanena ndine," anatero apongozi. "Matiyasi, kachotse mbuzi zako m'khola la eni."

Lettie anandibweretsera chitini ndi bulashi. Penti anali atayamba kuuma pamwamba, ndinaboola ndi kamtengo. Kenaka ndinadzutsa mutu.

Nkhope si yaitali ayi, Lettie ananama. Ndi yozungulira. Mphini 5 tsaya lamanja, 4 lamanzere. Diso limodzi lili ndi ng'ala. Khosi amalipendeketsa pang'ono.

Ndinadontheza penti pa denga la tchalitchi. Iwo anakonza mpango kumutu n'kuwongola msana.

"Mphuno musaikuze," anatero. "Si nkhokwe ya Anna."