Tumizani Khadi Wamba Ija

Phalombe Boma,
14 Okutobala 2008.

Okondedwa achimwene a Laston,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi kamwana kathu Alesi. Ndawapatsira a Dyson, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kuno, chifukwa akunyamuka mawa ndipo akuti sakachedwako, akakangotsitsa ndi kukweza abwerera. Musadabwe kuti ndasiya foni n'kugwira cholembera ngati mwana wasukulu. Pafoni mumayankhula nokha, ine n'kumangoti "eya, eya" mpaka mayunitsi kutha. Komanso kunyumba kuno netiweki imagwira pakhonde pokha, pansi pa zenera la amayi, ndipo makutu awo akadali akuthwa.

Kuno dzuwa lakwiya. Chigwa chonse chili mbuu, moti masana phiri silioneka bwino ndi fumbi. Obwera kuchokera ku Chilwa akuti madzi athawira kutali ndipo matemba akusowa pamsika. Anthu ambiri amaliza kugalauza, angotsala kuyang'ana kumwamba. Munda wa amayi chaka chino ndalimitsa ndine.

Ndalemba chifukwa cha khadi ija. Mukudziwa kuti kompyuta imene munanditumizira ndiyo ikundisunga. Ndimadulirapo makanema a maukwati ndi zinkhoswe, ndimabenerapo ma CD, ndipo m'nyumba sitigona ndi njala. Mwezi watha sikirini inayamba mizeremizere, kenako ndinamva fungo lopserera, basi kuda bii. A Stafford, amene amakonza makompyuta ku Mulanje, atatsegula anati yapsa ndi khadi ya zithunzi, ija imatumiza chithunzi ku sikirini. Anazungulira ku Limbe n'kupeza imodzi yakale, koma mano ake sanalowe pamalo pake.

Tsoka lake, fulashi yanu ija ya kanema wa Alesi inafika sabata yomweyo. Ndinapita nayo ku ofesi ina paboma pano, koma akalaliki anaibweza ngati ili ndi mphere, ati mafulashi amabweretsa mavairasi ndipo bwana analetsa. Makina a anyamata oonetsa mafilimu kumsika amangodziwa ma CD basi. Choncho mpaka lero palibe amene wamuona mwanayo, ngakhale ine amene.

Mutaimba foni tsiku lija munati, "Mlongo, makhadi alipo awiri. Pali wamba, ili pashelefu pompano. Ndiye pali inzake imene anaithamangitsiratu kufakitale, yamphamvu zedi, koma yatha m'sitolo, ibwera kumapeto kwa mwezi wamawa. Ufuna iti?" Ine ndinayankha kuti, "Zili kwa inu, achimwene." Ndikanayankhanso bwanji? Tinaleredwa nyumba imodzi, mukudziwa kuti wopatsidwa saloza chala. Tili ana, ukanena kuti ukufuna nthuli iyo osati iyi, amayi ankakubwezera dzanja n'kukupatsa msuzi wokha. Ndinkaganiza kuti mumva nokha kulemera kwa mawu anga, koma inu munangoseka n'kunena kuti, "Ndiye tidikire yamphamvuyo, anthu a ku Phalombe aone kuti ku Joni sitinabwere kudzasewera." Ndinasekanso nawo, foni n'kuduka.

Loweruka ndinakwera matola kupita kwa a Stafford kuti andimasulire kusiyana kwake, poopa kuti ndingakutsutseni pa zinthu zimene sindikuzidziwa. Anayamba apukuta m'manja, kenako anati, "Achemwali, makhadi awiriwa mayi wake ndi mmodzi. Kungoti inayo aikwapula kufakitale kuti izithamanga kupitirira muyeso wake. Amaikonda ndi anyamata a magemu. Inu a maukwati kusiyana kwake simudzakuona ndi maso, mudzakumva pogwira, chifukwa imatentha komanso imadya magetsi ambiri."

Ndinafunsa ngati ili yoipa. Anati, "Iyayi, siyoipa. Ena amaiika fani yaikulu ndipo m'chipinda chozizira imakhalitsa. Koma shopu yanu ija ndi ya malata opanda siling'i, fumbi limalowa ngati kwawo, magetsi ndi othimathima. Komanso kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta yanu n'kakang'ono. Yamphamvuyo ikafika mwina tidzayambanso kudikira kabokosi kena. Auzeni achimwenewo kuti kuthamanga sikufika."

Ndinabwerako ndikuseka ndekha mumtima kuti khadi yothamangayo ndiyo ikutichedwetsa. Koma achimwene, ndisakunamizeni ngati kuti nkhawa yanga ndi malata kapena fumbi. Zikanakhala zokhazo ndikanatseka pakamwa, mwezi wamawa n'kulandira mphatso yanu ndi manja awiri. Ikanapsa, bwenzi itapsa. Maukwati a chaka chino andidutsa kale ambiri ndipo sindinadandaule.

Amayi anandilumbiritsa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Zelifa, mwana wangayo usamusokoneze mutu. Alibe mapepala, akangotuluka m'dzikomo sadzalowanso, nanga mkazi ndi khanda adzasiyira ndani? Wapulumuka chipwirikiti chija chothamangitsa alendo cha mu Meyi, ndiye adzavutike panjira chifukwa cha ine? Akafunsa uziti ndili bwino." Ndinalonjeza, ndipo lonjezo kwa kholo si chinthu chosewera nacho. Choncho sindikuuzani zimene anandiletsa. Ndingokuuzani zimene sanandiletse.

Masiku ano amayi akuyankhula Chilomwe chokhachokha, ndipo nthawi zina amanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ife tisanabadwe. Maso awo amaona bwino m'mamawa, dzuwa likakwera amati zonse zachita utsi. Kompyuta ndinaichotsa kushopu, ndinaikweza panjinga n'kudzaiika patebulo m'chipinda mwawo, moyang'anana ndi mphasa, kuti khadi ikadzangofika pasadzakhale zonyamulana. Ndinaifunditsa chitenje kuopa fumbi, koma iwo amafuna kuti m'mawa uliwonse ndizivundukula. Amayang'ana galasi lakudalo kwa kanthawi, kenako amafunsa kuti, "Sanatulukebe?" Ndimati sanatuluke, makina akudikira chitsulo chochokera kwa a Laston. Amagwedeza mutu n'kutembenukira kukhoma.

Fulashi ija amayi anailanda. Nditawauza kuti mdzukulu amene munamupatsa dzina lawo ali m'menemo, akukwawa komanso akuseka, anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Munthu wathunthu angakwane m'kanthu aka? Azungu alibe chisoni." Anaimanga pamfundo ya chitenje chawo ndipo salola kuti ndiimasule ngakhale powasambitsa, n'chifukwa chake sindinapite nayo kwa a Stafford. Dzulo anandifunsa ngati mwanayo ali ndi mpata kumano ngati wanu. Ndinati mano ake sanakwane n'komwe, adzaona okha. Anati, "Eya, ndidzaona ndekha," koma mawuwo anawanena motsitsa kwambiri.

Ndakwiya nanu, achimwene, ndipo ndikunena poyera chifukwa papepala simungandidule mawu. Nthawi zonse mumafuna kuti chochokera kwa inu chikhale chodabwitsa mudzi. Wailesi ija munatumiza inali yaikulu moti inakana kulowa pashelefu, mpaka lero imakhala pansi. Tinaseka, tinathokoza, chifukwa tikudziwa kuti mumachita zimenezi pofuna kutseka dzenje limene munasiya pakhomo pano. Koma ulendo uno kukula mtima kwanuko kukutidyera masiku amene tilibe. Ndakwiyanso ndi pakamwa pangapa, chifukwa munandifunsa bwinobwino ndipo ine ndinasankha ulemu m'malo monena zoona. Mundikhululukire, lero ndikuloza chala.

Tsiku lomwe mulandire kalatayi pitani kusitoloko mukagule khadi wamba ija, ili pashelefu ija. Musamvere wogulitsa akayamba kutamanda inzakeyo, ndi ntchito yake. Muikulunge bwino, muwapatse a Dyson m'manja ndipo muwauze kuti aisunge m'chikwama cha pamiyendo, isalowe m'katundu wa pansi pa basi. Musachedwe ndi kufunafuna bulangete, sopo kapena mafuta oti muphatikizepo, zonsezo zidzabwera ulendo wina. A Stafford alonjeza kuti ndikangowaimbira adzasiya chilichonse n'kubwera kudzaiika. Akuti ndi ntchito yosachedwa, bola magetsi adzakhale oyaka, ndipo akadzazima abusa avomera kutibwereka jenereta ya kutchalitchi.

Mukaimba foni musandifunse za kalatayi, pakuti ndidzakhala ndili pakhonde paja. Mudzapemphe kuyankhula ndi amayi, ndidzawagwirira foni pazenera, mudzawauze za mwanayo, zimene amadya, mmene amalirira, ndipo akachedwa kuyankha musadzadule. Zoti mubwere kapena musabwere ine sindinenapo kanthu. Mawu awo ndakulemberani monga anawanenera, ndipo inu ndinu wamkulu.

Landirani moni wochokera kwa amalume a Makina a ku Nazombe, amene asiya munda wawo wosamaliza. Akupereka moni azakhali a ku Chilwa pamodzi ndi ana awo aakazi awiri, ndiponso achemwali athu aakulu amene afika Lachisanu kuchokera ku Zomba atapempha tchuthi kuntchito. Amayi a chigwirizano nawo akuti moni, amabwera masana alionse kudzaimba. Onsewa moni wawo sananditumizire pafoni, andiuza pamaso, chifukwa onse ali pakhomo pano ndipo palibe amene akutchula tsiku lobwerera kwawo.

Amayi ndawauza kuti ndikulembera inu za chitsulo chija, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Anakweza dzanja pang'ono ngati mmene amachitira munthu potsazika basi, ndipo moni wawo ndi umenewo.

Fulumirani, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Zelifa.